Mbuli yophunzira, nsembe yamoyo: kuzindikira, kumasulira ndi kupeka oxymoron

Munthu akanena kuti "uyo ndi mbuli yophunzira", palibe amene amamudzudzula kuti wasokoneza Chichewa. Tonse timamva, ena n'kuseka, wonenedwayo n'kupsa mtima. Koma tayang'anitsitsani mawu awiriwo. Mbuli ndi munthu wosadziwa kanthu, pomwe wophunzira ndi amene wadziwa zinthu. Anayenera kukanana, koma akhala pamodzi n'kubereka tanthauzo lachitatu limene liwu lililonse palokha silikanalinyamula: munthu wa masatifiketi amene kaganizidwe ndi khalidwe lake sizionetsa kuti analowapo m'kalasi.

Nsinjiro ya chiyankhulo imeneyi pa Chingerezi amaitchula kuti oxymoron. Dzinali linapangidwa ndi mawu a Chigiriki, ndipo likupezeka kale m'zolemba za Servius, mphunzitsi wa Chilatini wa cha m'ma 400 AD. M'malangizo ano ndiziti msemphano wa mawu. Amene akukonzekera mayeso a MSCE amakumana nawo m'ndakatulo ndi m'masewero, koma zimene zili m'munsizi ndi za aliyense amene ntchito yake imadalira pakamwa kapena cholembera: alakatuli, alaliki, oimba, olemba nkhani, ngakhale aja opatsidwa maikolofoni pa ukwati.

Choyamba, pezani mawu awiri ogundana

Msemphano wa mawu sutalika. Ndi mawu awiri, mwina atatu, okhala moyandikana ndipo onse akunena za chinthu chimodzi. M'Chichewa mudzaupeza kawirikawiri ngati dzina lotsatidwa ndi mfotokozi: moto wozizira, mbava yokhulupirika, mphawi wolemera. Umabweranso ngati mneni ndi muonjezi wake, monga kufuula mwakachetechete, kapena mayina awiri omangidwa ndi "wa", "ya" kapena "cha": chimwemwe cha misozi, ufulu wa kapolo.

Chichewa chimatithandiza pano chifukwa mfotokozi aliyense amanyamula chizindikiro cha dzina limene akulifotokoza, chotchedwa mgwirizanitsi. Mukaona mawu otsutsana mu mzere umodzi wa ndakatulo, tsatirani mgwirizanitsi muone kumene akuloza. M'chiganizo chakuti "dzuwa linawomba pa madzi ozizira" mulibe msemphano, chifukwa "ozizira" akupita ku madzi, dzuwa lili palokha ndi kutentha kwake. Koma mukati "dzuwa lozizira linawomba pa madzi", "lo-" uja wamangirira kuzizirako pa dzuwa lenilenilo. Ophunzira ambiri amagwa pomwepa. Akangoona "mdima" ndi "kuwala" m'ndime imodzi, basi alemba kuti apeza oxymoron.

Chachiwiri, tsimikizani kuti mawuwo akutsutsanadi

Tengani dzinalo mudzifunse kuti: chinthu chimenechi, kuti chitchedwe dzina limeneli, chiyenera kukhala chotani? Kenako onani ngati mfotokoziyo akuchotsa khalidwe lomwelo. Pa Aroma 12:1, Paulo akuuza Akhristu kuti apereke matupi awo "nsembe yamoyo". Kwa Ayuda ndi kwa Aroma omwe, nkhosa kapena ng'ombe inkakhala nsembe pophedwa paguwa. Imfa inali m'kati mwa dzinalo. Ndiye "yamoyo" akuchotsa chimene chinkapangitsa nsembe kukhala nsembe. Omvera oyambawo, amene ankadziwa fungo la nyama yopsa paguwa, ayenera kuti anadzidzimuka kuposa ife amene vesili tinalizolowera. N'chimodzimodzi ndi "miyala yamoyo" ya pa 1 Petro 2:5, pakuti palibe chinthu chopanda moyo kuposa mwala.

Tsono pali misampha ingapo. "Mwana wamkulu" pa Chichewa cha tsiku ndi tsiku ndi woyamba kubadwa kapena amene waposa abale ake msinkhu. "Mwana" apa akunena za ubale; agogo a zaka 70 akadali mwana wa mayi awo. Palibe kutsutsana. Koma mayi akauza bambo wandevu amene akulimbirana mpando wa pa TV ndi ana kuti "inu ndinu mwana wamkulu", pamenepo wasanduka msemphano, chifukwa tsopano "mwana" akutanthauza chibwana. Mawu omwewo, malo osiyana. Musagamule musanaone kumene mawuwo anenedwera.

Mumsika wa Limbe mudzamva kuti "kaunjika watsopano". Maonekedwe a msemphano alipo, popeza kaunjika ndi zovala zovalidwa kale. Koma wogulitsayo sakupeka ndakatulo, akungokuuzani kuti belo latsegulidwa lero. Palibe tanthauzo lachitatu limene labadwa. Chosangalatsa n'chakuti mlakatuli atha kutola mawu omwewa n'kuwaveka wandale amene wasintha chipani pafupi ndi chisankho, akudzitcha munthu watsopano chonsecho tonse tikumudziwa. Pamenepo "kaunjika watsopano" ayamba kuluma.

Palinso msemphano umene unatha mano. Tikati nsomba iyi ndi yokoma koopsa, palibe amene amaganiza za mantha. "Koopsa" anangosanduka mnzake wa "kwambiri". Musawononge nthawi kuumasulira.

Msampha womaliza ndi wa anthabwala. Wina amati "wakatapila wachifundo" kapena "kondakitala waulemu" n'kunena kuti ndi oxymoron. M'tanthauzo la kondakitala mulibe mwano. Alipo makondakitala aulemu pa msewu wa Ndirande ndi wa Bangwe omwe. Kutsutsanako kuli m'maganizo a wonenayo, sikuli m'mawumo. Ndi chipongwe chokoma pocheza, koma pa mayeso musachipereke ngati chitsanzo.

Chachitatu, gawani mawuwo, lililonse mulipatse mbali yake

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Msemphano wa mawu wopekedwa bwino sunama. Mawu onse awiri ndi oona nthawi imodzi, kungoti lililonse ndi loona pa mbali yakeyake. Ntchito ya womasulira ndi kupeza mbali ziwirizo. Lembani chiganizo chonena kuti "ndi chakuti pa mbali ya izi, koma ndi chakuti pa mbali ya izo", ndiye mudzaze mipatayo.

Yesani ndi "mbeta yapabanja". Kuyambira nthawi imene amuna ankapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka lero pamene anyamata akukhamukira ku Joni pa basi, kuno kwathu kuli amayi amene ukwati wawo unadalitsidwa, ankhoswe alipo, mphete ili pachala, koma chaka chimatha, china n'kutha, akugona okha ndi kulera ana okha. Mayi wotere ndi wapabanja pa mbali ya mwambo ndi lamulo, koma ndi mbeta pa mbali ya moyo wa tsiku ndi tsiku. Mawu awiri okha anyamula zimene mukanazifotokoza m'ndime yathunthu, ndipo anyamulanso chisoni chimene ndimeyo mwina ikanachitaya panjira.

"Dzuwa lozizira" ndi losavuta kwa aliyense amene anakhalapo mu Blantyre mwezi wa Juni kapena Julayi. Chiperoni chikangoyera, dzuwa limatuluka n'kuwala ndithu, koma amene akudikira minibasi pa Mibawa manja ali m'khwapa. Ndi dzuwa kwa maso, ndi lozizira kwa khungu. Mukazolowera, mudzaona kuti mbali ziwirizi zimabwerabwera zomwezomwezo: chimene maso akuona ndi chimene thupi likumva, chakunja ndi chamumtima, dzina ndi zochita, kale ndi lero. Mukasowa poyambira, yesani zimenezi chimodzichimodzi.

Za dzina ndi zochita, mbiri yathu ili ndi chitsanzo chowawa. Nthawi ya atsamunda, anthu okhala pa minda ya azungu ku Chiradzulu, Zomba, Thyolo ndi Mulanje ankakakamizidwa kugwira ntchito m'malo mwa kulipira lendi ya malo, ndipo mchitidwewo unkatchedwa thangata. Unali umodzi mwa madandaulo amene anachititsa John Chilembwe kuukira mu Januwale 1915. Wolemba amene angautche mchitidwewu "thandizo lokakamiza" wanena zoona kawiri: ndi thandizo pa dzina limene eni minda ankagwiritsa ntchito, ndi lokakamiza pa zimene anthu ankakumana nazo m'munda. Onani kuti pano msemphano sukukongoletsa chiganizo ayi, ukuulula bodza. Imeneyi ndi imodzi mwa ntchito zake zazikulu, ndipo olemba nkhani zandale akanamaigwiritsa ntchito mwanzeru m'malo mongotukwana.

Nthawi zina mbali ziwirizo zimakhala cholinga ndi kachitidwe. Augustus, mfumu yoyamba ya ufumu wa Roma, yemwe uja wotchulidwa pa Luka 2 pa nkhani ya kalembera, ankakonda mawu akuti "fulumira pang'onopang'ono". Wolemba mbiri Suetonius ndiye anatisungira zimenezi. Kufulumirako ndi kwa mumtima, kusazengereza ntchito. Pang'onopang'onoyo ndi wa m'manja, kusachita mwaphuma. Makolo athu nzeru yomweyi anaidutsira njira ina, ya mwambi, pamene anati kuthamanga sikufika.

Nanga mipata ija ikakanika kudzazika? Pali zifukwa ziwiri. Mwina simunawerenge mokwanira mizere yozungulira. "Mchere wotsekemera" pawokha sanena kanthu, koma ngati ndakatuloyo ikukamba za thukuta la mayi amene wagulitsa tomato tsiku lonse mumsika wa Chirimba mpaka kukwanitsa fizi ya mwana, mcherewo ndi wa thukuta ndipo kutsekemerako ndi kwa mtima. Bwererani m'mbuyo, muwerengenso. Chifukwa chachiwiri n'chakuti wolembayo anangogundanitsa mawu kuti amveke wozama. Zilipo zambiri zotere pa Facebook ndi pa wailesi: mdima wowala, imfa yamoyo, njala yokhuta, zoponyedwa mu mzere popanda chozigwira. Mukafunsa kuti mdimawo ukuwala pa mbali iti, yankho palibe. Musaope kunena kuti pamenepo mlakatuli waphonya. Si zonse zosamveka zimene zili zakuya.

Chachinayi, onani liwu limene lanyamula chigamulo

"Mphawi wolemera" ndi "wolemera wosauka" si munthu mmodzi. Woyambayo alibe ndalama koma ali ndi abale, tulo ndi mbiri yabwino, ndipo wonenayo akumutamanda. Wachiwiriyo ali ndi mpanda wa njerwa ku Nyambadwe koma akadwala palibe womuzonda, ndipo wonenayo akumumvera chisoni kapena kumuseka. M'zitsanzo ziwirizi dzina likunena chimene aliyense akuona, mfotokozi akunena chimene wolemba akufuna kuti muone. Popeza m'Chichewa mfotokozi amabwera pambuyo, mbola imakhala kumapeto, ndipo womvera amaigunda atayamba kale kuvomera dzinalo.

Si lamulo losasintha. Mu "mbuli yophunzira" zatembenuka: chooneka ndi maphunziro, chigamulo chili mu "mbuli", ndipo chabwera poyamba ngati khofi. Ndiye dzifunseni nthawi zonse kuti pa mawu awiriwa, ndi liti limene anthu onse akuliona, ndi liti limene ndi maganizo a wolemba.

Mukapeza zimenezi mwapezanso mtima wa wolankhulayo, kaya ndi chipongwe, chisoni, chikondi kapena chiphunzitso. Kuchuluka kwa misemphano nako kumanena kanthu. M'sewero la William Shakespeare la Romeo and Juliet, limene linasindikizidwa koyamba mu 1597, Romeo m'chigawo choyamba akuunjika misemphano motsatizana: chikondi chandewu, nthenga ya mtovu, utsi wowala, moto wozizira, thanzi lodwala. Kumbukirani kuti pa nthawi imeneyo sanakumane ndi Juliet, akulirira mtsikana wina, Rosaline. Muluwo ukutionetsa mnyamata wosokonezeka amene akusangalala ndi kuvutika kwake komwe. Pambuyo pake Juliet, potsanzikana naye usiku, akunena umodzi wokha, wakuti kusiyana ndi chisoni chokoma, ndipo umenewo ndi umene anthu amaukumbukira. Wophunzira amene angaone kusiyana kumeneku wadutsa anzake amene angotchula dzina la nsinjiroyo.

Chachisanu, musausokoneze ndi abale ake

Pali nsinjiro zitatu zimene zimafanana nawo nkhope. Yoyamba ndi ganizo lathunthu looneka ngati lodzitsutsa, limene pa Chingerezi amati paradox. Miyambi yathu yadzaza nazo. "Kupatsa n'kuika": chinthu wachipereka, chachoka m'manja mwako, koma mwambi ukuti wachisunga. "Wamisala anaona nkhondo": amene tonse timamuyesa wopanda nzeru ndiye anaona zoona. Paulo naye pa 2 Akorinto 12:10 akuti pamene ali wofooka m'pamene ali wamphamvu. Zonsezi ndi ziganizo, zili ndi mwininkhani ndi mnenankhani. Msemphano wa mawu ndi kachigawo chabe ka chiganizo. Mutha kufinya ganizo la Paulo n'kukhala "kufooka kwamphamvu", ndipo pamenepo mwachoka ku nsinjiro imodzi kulowa ku inzake.

Yachiwiri ndi kuyala mbali ziwiri zotsutsana moyang'anizana, chilichonse pamalo pake: "masana m'busa, usiku mfiti". Pano mawuwo sanagundane, agawana nthawi. Mukati "m'busa waufiti" ndiye mwawatsekera m'chipinda chimodzi.

Yachitatu ndi kunena chosiyana ndi chimene ukutanthauza. Mnzanu wafika 10 koloko pa msonkhano wa 8 koloko, inu n'kumulandira kuti "mwalawiratu lero, achimwene". Kutsutsana kuli pakati pa mawu ndi zimene zachitika, osati pakati pa liwu ndi linzake. Munthu wongowerenga chiganizocho osadziwa nthawi sangaone chachilendo.

Chachisanu ndi chimodzi, kuyankha funso la mayeso

Tiyese ndi ndime iyi, yomwe ndapeka pofuna chitsanzo:

Ndatsikira pa Wenela m'mamawa,
dzuwa lozizira likusuzumira pa phiri la Ndirande.
Anthu pikitipikiti, wondipatsa moni palibe.
Ndalowa m'chipululu chodzaza anthu,
mapepala m'manja, ntchito kulibe.

Funso likati pezani msemphano wa mawu ndipo fotokozani ntchito yake, yankho lanu likhale ndi zinthu zinayi. Lembani mawu enieniwo, osati mzere wonse: "chipululu chodzaza anthu". Onetsani kutsutsana: chipululu ndi malo opanda anthu, koma pano akuti chadzaza. Perekani mbali ziwiri zija: mzinda wadzaza pa chiwerengero cha anthu, koma ndi chipululu pa mbali ya ubale, chifukwa palibe womudziwa kapena womulabadira. Pomaliza lumikizani ndi mutu wa ndakatulo: mawuwa akuonetsa kusungulumwa kwa munthu wochokera kumudzi amene wabwera m'tauni kudzafuna ntchito.

Ambiri amalekera pa chachiwiri, n'kulemba kuti "mlakatuli wagwiritsa ntchito mawu otsutsana kuti ndakatulo ikome". Yankho limeneli lingakwane pa ndakatulo ina iliyonse, n'chifukwa chake silionetsa kuti mwamvetsa imene ili patsogolo panu. Onaninso kuti mzere wachitatu, "anthu pikitipikiti, wondipatsa moni palibe", si msemphano wa mawu ngakhale ukunena ganizo lomwelo. Ndi mbali ziwiri zoyang'anizana, ndipo ntchito yake ndi kukonzera njira mzere wachinayi kuti ukafika, womvera aumve msanga. "Dzuwa lozizira" nalo ndi yankho lolondola, koma ngati akufuna chimodzi, sankhani chimene chanyamula mutu wa ndakatulo.

Chachisanu ndi chiwiri, pekani wanu

Musayambe ndi mndandanda wa mawu otsutsana n'kumawaphatikiza mwachisawawa. Njira imeneyo ndi imene imabereka mdima wowala uja. Yambani ndi chinthu chimene munachiona chili ndi nkhope ziwiri, chimene pochifotokoza mumapezeka mukunena "koma" pakati. Chilembeni m'chiganizo chachitali, mosakongoletsa. Kenako dulani mpaka patsale mawu awiri, limodzi la mbali iyi, lina la mbali iyo.

Tiyerekeze kuti mukulemba za namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anagumula matope ndi miyala pa phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Chiganizo chachitali chingakhale chakuti: mvula ndi imene timaipempherera chaka chilichonse kuti tidye, koma chaka chimenecho ndi imene inatipha. Mbali yoyamba ndi dalitso, yachiwiri ndi imfa. Mutha kupeza "dalitso lakupha" kapena "madalitso amaliro". Tsopano yezani. Nenani mokweza zonse ziwiri. "Dalitso lakupha" ndi lalifupi ndipo likugunda; "madalitso amaliro" ndi lofatsa, ma "ma" ndi ma "li" ake akumveka ngati nyimbo ya pasiwa. Kusankha kudalira ngati ndime yanu ikukwiya kapena ikulira. Ndipo pa nkhani ngati imeneyi, ganizirani wofedwa amene angakhale m'gulu la omvera. Kwa iye mwina mvula ija sinali dalitso pa mbali ina iliyonse, ndiye mizere yozungulira iyenera kumuonetsa kuti simukupepuza imfa ya abale ake.

Njira ina yachidule, yomwe ndimaikonda, ndi kutenga mawu amene anthu anazolowera kuwamva pamodzi n'kusintha limodzi. Tonse timadziwa "bwenzi lapamtima". Sinthani dzinalo, mupeze "mdani wapamtima", ndipo mwafotokoza ubale wa ochemerera Bullets ndi Wanderers, amene amatukwanana pa Kamuzu Stadium masana n'kukadyera mbale imodzi madzulo, komanso amene timu yawo ikapambana chikho chimwemwe sichikwana mpaka ataonana ndi mnzawo wa timu inayo. Tonse timadziwa "chopereka chaufulu". Onjezani liwu limodzi, "chopereka chaufulu chokakamiza", ndipo aliyense amene anakhalapo pa mwambo umene amawerenga mayina ndi ndalama pa maikolofoni wamva. Njira imeneyi imagwira chifukwa khutu la womvera limayembekezera mawu ozolowereka, ndiye likakumana ndi achilendo limadzidzimuka lokha.

Chichewa chili ndi chida china champhamvu: mvekero. Mvekero uliwonse uli ndi mneni amene umayenda naye. Timati kuda kuti bii, kuyera kuti mbee, kukhala chete kuti zii. Mukausemphanitsa ndi mneni wotsutsana naye, msemphano umabadwa wamphamvu kwambiri: "anaseka kuti zii", "tsogolo lawala kuti bii". Woyambayo ndi kuseka kwa munthu amene milomo yatseguka koma mtima watseka. Wachiwiriyo ndi chipongwe kwa wolonjeza zabodza. Chenjerani pano, chifukwa womvera atha kuganiza kuti simudziwa Chichewa. Gwiritsani ntchito njira imeneyi pokhapokha mizere yam'mbuyo yaonetsa kale kuti mvekero mumaudziwa bwino ndipo mwaupotoza dala.

Pewani kutenga misemphano ya m'Chingerezi n'kuivala Chichewa liwu ndi liwu. Ina imadutsa, yambiri imafika itafa. Ngati mukufuna kunena za chete wolemera tanthauzo, ganizirani kumene inu munakumana naye. Mwina ndi apongozi amene mwawapatsa moni iwo n'kungoyang'ana kumbali. Ameneyo ndi "chete wolankhula", kapena "chete wokalipa", ndipo womvera wa ku Zingwangwa amudziwa musanamalize mzere.

Mukapeza mawu anu awiri, onani mgwirizanitsi ngati walondola, chifukwa "lo-" akalowa pa malo a "wo-" msemphano wonse umagwa. Kenako muyeseni ndi chiganizo cha mipata chija, ngati kuti wapeka ndi munthu wina. Pomaliza werengani kuchuluka kwake. Pokhapokha mukufuna kuonetsa munthu wosokonezeka ngati Romeo, umodzi pa ndime, mwinanso umodzi pa ndakatulo yonse, ndi wokwanira. Wachitatu ukamafika, omvera amakhala atazindikira njomba yanu ndipo amayamba kudikira wotsatira m'malo momvera uthenga.

Malo amene sufunika, ndi kanenedwe kake pagulu

M'kalata yofunsira ntchito, mu lipoti la kuofesi, popereka umboni kupolisi kapena pa bwalo la amfumu, nenani chinthu chimodzi chomveka njira imodzi. Kumeneko mawu a nkhope ziwiri amakutembenukirani.

Dziwaninso kuti chifukwa ndi waufupi ndipo suiwalika, msemphano wa mawu umamata pa munthu ngati dzina. M'zaka zimene Edzi inkapha anthu ambiri, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, odwala ankanenedwa kuti "maliro oyenda". Pa luso, mawuwa akukwaniritsa zonse zimene takambirana: ndi awiri, akutsutsana, lililonse lili ndi mbali yake. Koma anapangitsa anthu kubisa matenda ndi kuopa kukayezetsa. Musanamate msemphano pa munthu kapena pa gulu la anthu, dzifunseni ngati mungaunene mwini wake ali pomwepo.

Polakatula kapena polalikira, musathamangitse mawu awiriwo ngati liwu limodzi. Nenani dzina, siyani kampata ka mpweya umodzi kuti omvera alione m'maganizo, kenako gwetsani mfotokozi motsitsa mawu pang'ono. Musaufotokoze pomwepo. Mlaliki amene amati "nsembe yamoyo, kutanthauza kuti" asanapume walanda mpingo mwayi wodabwa. Ngati kufotokoza n'kofunika, kubwere patapita ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo mukabwereza mawuwo kachiwiri, sinthani pamene mukutsindika: ulendo woyamba pa mfotokozi, wachiwiri pa dzina.